Mitundu ya anthu ndi moyo wa m'madera ku America: mafunso ndi mayankho

Munthu woonera mafilimu a ku America akhoza kuganiza kuti dzikolo lili ndi anthu a mitundu iwiri yokha, azungu ndi anthu akuda. Koma m'bale wanu amene ali kumeneko akakuimbirani foni mumamva zina: anansi ake ndi ochokera ku Guatemala, dokotala wake ndi wa ku India, ndipo pa fomu ya kuchipatala anamufunsa kuti achonge mtundu wake. Mayankho ambiri m'munsimu abwerera ku mbiri yakale, chifukwa zimene zikuchitika lero m'dzikolo sizimveka popanda kudziwa kumene zinayambira.

Kodi ku America kuli mitundu ngati mmene kwathu kulili Achewa, Ayao, Alomwe ndi Atumbuka?

Amene ali ndi mafuko otere ndi eni nthaka, anthu amene analipo azungu asanawoloke nyanja. Boma la America limavomereza mafuko awo oposa 570, monga Navajo, Cherokee, Lakota ndi Hopi. Fuko lililonse lili ndi utsogoleri wake, ndipo ena ali ndi makhothi ndi apolisi awoawo. Koma iwowa ndi ochepa pa anthu 331 miliyoni amene anawerengedwa mu 2020.

Kwa ena onse nkhaniyi ili pawiri: pali khungu, ndipo pali kumene makolo anachokera. Mzungu wa ku Boston angakuuzeni monyadira kuti kwawo ndi ku Ireland, chikhalirecho sanapondeko. Munthu wakuda wa ku Brooklyn akhoza kukhala mdzukulu wa akapolo a ku South Carolina, kapena mwana wa makolo ochokera ku Jamaica, Haiti kapena Ghana. Pamsewu onsewa amaonedwa ngati amodzi, koma m'nyumba zawo amadya zosiyana ndipo amapemphera mosiyana. Mtundu wa kumeneko ulibe mfumu, ulibe mudzi, ulibe manda a makolo. Zimene zimausunga ndi tchalitchi, chakudya, mayina, zikondwerero ndi mabungwe.

N'chifukwa chiyani fomu iliyonse imafunsa mtundu wa munthu?

Zinayamba ndi kalembera woyamba, mu 1790. Boma linawerenga amuna achizungu, akazi achizungu, mfulu zina, ndi akapolo. Pogawa mipando ya ku Nyumba ya Malamulo, akapolo asanu ankawerengedwa ngati anthu atatu. Choncho magulu a pa fomuwa anabadwira mu ukapolo.

Lero ntchito yake inatembenuka. Malamulo a mu 1964 ndi 1965 analetsa tsankho pa ntchito, m'malo opezekamo anthu onse, ndi pa kuvota. Kuti munthu asonyeze kukhothi kuti banki ikumana anthu akuda ngongole, pamafunika manambala, ndipo manambalawo amachokera pa mafomu omwewa. Pa fomu yofunsira ntchito muli ndi ufulu wosayankha funsoli.

Kalembera wa 2020 anapeza kuti azungu osachokera kumayiko olankhula Chisipanishi anali pafupifupi 58 pa anthu 100 aliwonse. Anthu otchedwa Hispanic kapena Latino, amene iwo kapena makolo awo anachokera ku Latin America kapena kumayiko olankhula Chisipanishi, anali 62 miliyoni, pafupifupi 19 pa 100. Anthu akuda anali oposa 12 pa 100, ochokera ku Asia 6 pa 100. Maguluwa amasinthasintha. Kwa zaka zambiri munthu wa ku Egypt kapena Lebanon ankawerengedwa ngati mzungu, mpaka mu 2024 pamene boma linalengeza gulu latsopano la ochokera ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa.

Mayi ake a Barack Obama anali mzungu. Bwanji amatchedwa munthu wakuda?

Apa ndi pamene mbiri imaonekera poyera. Mu 1662 chigawo cha Virginia chinakhazikitsa lamulo lakuti mwana azitsata mayi ake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale bambo ake atakhala mzungu mwini munda. Lamuloli linkapindulira eni akapolo, chifukwa ana amene iwo ankaberekera akazi aukapolo ankasanduka chuma chawo. Ukapolo utatha mu 1865, maganizowo sanathe. Homer Plessy anamangidwa ku New Orleans mu 1892 chifukwa chokhala m'bogi ya azungu m'sitima, chonsecho mwa agogo a makolo ake asanu ndi atatu, mmodzi yekha ndiye anali wakuda. Mlandu wake utafika kukhothi lalikulu la dzikolo mu 1896, oweruza anavomereza kulekanitsa anthu potengera khungu. Mu 1924 Virginia anafika polamula kuti mzungu ndi yekhayo amene alibe ngakhale dontho la magazi a munthu wakuda.

Ku South Africa ana a mzungu ndi munthu wakuda anaikidwa m'gulu lawolawo. Ku America malamulo anafafaniza gulu lapakatilo. Anthu akuda nawo anawalandira anawo ngati awo, chifukwa ankakhala limodzi ndi kuzunzika limodzi. N'chifukwa chake Obama, mwana wa Mluo wa ku Kenya ndi mzungu wa ku Kansas, anachonga yekha gulu la anthu akuda pa kalembera wa 2010. Kuyambira mu 2000 munthu akhoza kuchonga magulu awiri kapena kuposa, ndipo mu 2020 anthu pafupifupi 34 miliyoni anawerengedwa kuti ndi a mitundu yoposa umodzi.

N'chifukwa chiyani anthu a mtundu umodzi amaunjikana dera limodzi?

Pali zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo kuzisakaniza ndi kulakwira anthu.

Choyamba ndi kufuna kwawo. Wobwera kumene amalunjika kumene kuli m'bale wake, kumene angapeze pogona, ntchito yoyambira, ndi sitolo yogulitsa zakudya zakwawo. Mmodzi akakhazikika amaitana wina. Mzinda wa Dearborn ku Michigan unadzaza ndi Aluya chifukwa cha ntchito za kufakitale ya magalimoto ya Ford. Anthu a ku Cuba anakhazikika ku Miami kuyambira pamene Fidel Castro analanda boma mu 1959. Asomali othawa nkhondo ya kwawo anayamba kufika ku Minneapolis m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 dera limenelo linasankha Ilhan Omar, wobadwira ku Mogadishu, kukhala phungu. Aitiyopiya ndi ambiri ku Washington, anthu a ku Nigeria ku Houston. Madera otere nthawi zambiri amakhala pofikira: ana akaphunzira amasamukira kwina, n'kumabwera Loweruka kudzagula zakudya ndi kudzaona agogo.

Chachiwiri ndi kukakamizidwa. Pakati pa 1916 ndi 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kummwera, kuthawa kuphedwa mwachipongwe ndi umphawi wa m'minda ya thonje, kupita ku Chicago, Detroit, New York, Los Angeles ndi mizinda ina. Kumeneko sanasankhe okha kokhala. Mapepala a nyumba zambiri anali ndi pangano loletsa kugulitsa nyumbayo kwa munthu wakuda. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma linajambula mapu a mizinda, n'kupaka utoto wofiira madera a anthu akuda posonyeza kuti ndi oopsa kubwereketsako ndalama. Mabanki anawakana ngongole za nyumba pa nthawi yomwe mabanja achizungu ankagula nyumba zatsopano kunja kwa mizinda ndi thandizo la boma. Tsankho pa nyumba linaletsedwa mu 1968, koma m'badwo wathunthu unali utamanidwa kale.

Zotsatira zake zilipobe. Ku America chuma cha banja wamba ndi nyumba, ndipo nyumbayo ndi imene makolo amasiyira ana. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo wa mu 2022 anapeza kuti banja lapakatikati lachizungu linali ndi chuma cha madola pafupifupi 285,000, pamene banja lapakatikati la anthu akuda linali ndi madola osakwana 45,000. Onjezerani apo kuti gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu za boma limachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo. Dera la nyumba zotchipa limakhala ndi sukulu yosowa zipangizo. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene mlendo aliyense ayenera kuimvetsa asanatsegule pakamwa kuweruza madera a anthu akuda.

Kodi azungu onse ndi amodzi?

Lero amaoneka choncho, koma sizinali tero. Anthu a ku Ireland amene anathawa njala ya 1845 mpaka 1852 ananyozedwa chifukwa cha umphawi ndi Chikatolika chawo. Mu 1891 gulu la anthu linapha Ataliyana 11 ku New Orleans. Pa chilumba cha Ellis ku New York panadutsa anthu oposa 12 miliyoni pakati pa 1892 ndi 1954, ambiri ochokera ku Italy, Poland ndi Russia, kuphatikizapo Ayuda, ndipo lamulo la mu 1924 linapangidwa dala kuti lichepetse anthu amenewa. Mkatolika woyamba kukhala pulezidenti anali John F. Kennedy, wosankhidwa mu 1960.

Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, zidzukulu zawo zinakwatirana, zinasamuka m'madera akale, n'kungokhala azungu. Kwa iwo mtundu uli ngati chovala cha pa chikondwerero: amachivala pa 17 March, tsiku la Patrick Woyera wa ku Ireland, nyengo imene mtsinje wa ku Chicago umathiridwa utoto wobiriwira, mawa lake n'kuchivula. Munthu wakuda alibe mwayi wosankha tsiku.

Nanga anthu a ku Asia ndi ku Latin America anachuluka liti?

Ena analipo kalekale. Texas, California, Arizona ndi New Mexico anali mbali ya Mexico. Nkhondo ya America ndi Mexico itatha mu 1848 malire ndiwo anasuntha, mabanja ambiri ali pomwe analili. Matchaina anamanga nawo njanji yodutsa dziko lonse imene inatha mu 1869, kenako mu 1882 lamulo linawatsekera khomo, ndipo linachotsedwa mu 1943. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika zobadwira ku America, anatsekeredwa m'misasa. Boma linapepesa mu 1988 ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali adakali moyo.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi lamulo la mu 1965, limene linathetsa kukondera anthu a kumpoto kwa Ulaya, n'kuika patsogolo abale a amene ali kale m'dzikolo ndi anthu a maluso. Madokotala a ku India, anamwino a ku Philippines, amalonda a ku Korea, onsewa analowera pa khomo limeneli. Mu 1990 kunabweranso pulogalamu ya mayere a ma visa, DV, imene anthu ambiri a kwathu kuno amaidziwa.

Tchalitchi chili ndi gawo lanji?

Lalikulu kuposa mmene mafilimu amaonetsera. Kwa anthu akuda, tchalitchi chinali malo okhawo amene mzungu sankawalamulira. Richard Allen, amene anabadwa kapolo, anatuluka ndi anzake m'tchalitchi cha Methodist ku Philadelphia atatopa ndi kusalidwa pa nthawi ya mapemphero, ndipo mu 1816 anakhazikitsa mpingo wa African Methodist Episcopal (AME). M'matchalitchi otere ndimo munabadwira sukulu, mabungwe othandiza pa maliro, ndi atsogoleri. Pamene anthu akuda a ku Montgomery ananyanyala mabasi mu 1955 ndi 1956, misonkhano inkachitikira m'matchalitchi, ndipo wotsogolera anali m'busa wachinyamata, Martin Luther King Jr.

Obwera kumene nawo amachita chimodzimodzi. Tchalitchi cha anthu a ku Korea, mzikiti wa Asomali, kachisi wa Ahindu, parishi yochita Misa m'Chisipanishi: kumeneko ndi kumene munthu amamva za ntchito, za nyumba ya lendi, za loya wodalirika, ndi kumene ana amapeza anzawo a mtundu wawo. Mpaka lero mipingo yambiri Lamlungu m'mawa imakhala ya anthu a khungu limodzi, ngakhale mipingo yosakanikirana ikuchuluka.

Kodi anthu ochokera ku Africa amagwirizana ndi anthu akuda a ku America?

Osati nthawi zonse, ndipo n'zomvetsa chisoni. Pa anthu akuda khumi aliwonse ku America, mmodzi anabadwira kunja. Wobwera kuchokera ku Lagos, Accra kapena Lilongwe amafika ndi digiri yake, kapena ndi mtima wokagwira ntchito ziwiri, ndipo akaona umphawi m'madera ena a anthu akuda amafulumira kunena kuti ndi ulesi. Makolo ena amaletsa ana awo kucheza nawo. Mbali inayi, ana a obwera amasekedwa kusukulu chifukwa cha kalankhulidwe ndi mayina awo, ndipo anthu ena akuda a ku America amadandaula kuti malo a m'mayunivesite otchuka, amene makolo awo anawamenyera nkhondo, akudzazidwa ndi ana a alendo.

Mlendoyo amaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, iye anakulira m'dziko limene pulezidenti, woweruza, mphunzitsi ndi dokotala onse ndi akuda, ndipo amene amakwanitsa kuwoloka nyanja kawirikawiri ndi ophunzira kapena a m'mabanja opezako bwino. Mnzakeyo akuchokera m'zaka pafupifupi 250 za ukapolo, kuyambira 1619 mpaka 1865, ndi zaka zina pafupifupi 100 za malamulo atsankho. Chachiwiri, khomo limene mlendoyo analowera linatsegulidwa m'chaka chomwecho cha 1965, pa mphamvu ya nkhondo yomenyera ufulu imene anthu akudawo anakhetsera magazi ku Selma ndi ku Birmingham. Pamsewu wapolisi safunsa pasipoti. Amadou Diallo, mnyamata wa ku Guinea, anaphedwa ndi apolisi ku Bronx mu 1999 ali pakhomo la nyumba yomwe ankakhala, wopanda chida. Anamuwombera zipolopolo 41.

Ife Amalawi tili ndi ngongole yapadera. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, ndipo anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda. Atabwerera mu 1900, mishoni yake ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, inkathandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene unatumizanso amishonale ake, Landon Cheek ndi Emma DeLaney. Kamuzu Banda anaphunzira ku Wilberforce, Ohio, sukulu ya mpingo wa AME uja, ndipo udokotala anaumaliza mu 1937 ku Meharry, ku Nashville, koleji ya anthu akuda. Pa nthawi imene iwo eni ankakanizidwa kuvota, anthu amenewa ankasonkha ndalama zophunzitsira ana a ku Nyasaland.

Amati Amereka aliyense amangoona zake. Nanga maliro ndi mavuto amathandizana bwanji?

N'zoona kuti munthu akhoza kukhala zaka m'nyumba osalowa kwa mnansi wake, ndipo kupita kwa munthu osapangana tsiku kumaonedwa ngati kusokoneza. Mu 2023 dokotala wamkulu wa boma anachita kutulutsa chenjezo lakuti kusungulumwa kwasanduka vuto la zaumoyo. Koma kuthandizana kulipo, kungoti kumadutsa m'mabungwe osati pachibale. M'matauni ang'onoang'ono ambiri ozimitsa moto ndi anthu ongodzipereka. Makolo amasonkhana kusukulu, matchalitchi amagawa chakudya kwa osowa, ndipo munthu akadwala anzake amagawana masiku omuphikira.

Obwera amabweretsa njira zawo. Chipeleganyu chimene timachidziwa kwathu chilikonso: anthu a ku Mexico ali nacho, a ku West Africa ndi ku Caribbean ali nacho, Aitiyopiya ndi anthu a ku Korea chimodzimodzi, ndipo masitolo ambiri ang'onoang'ono anayambira pamenepo, eni ake atakanidwa ndi banki. Mabungwe a anthu ochokera dziko limodzi amayesedwa pa maliro. Kutumiza thupi ku Africa kumadya madola masauzande ambiri, motero uthenga ukangomveka pa WhatsApp anthu amasonkha, ena amatsegula tsamba la GoFundMe, ena amapita kukakhala ndi ofedwa akaweruka kuntchito. Amalawi okhala ku Indiana, ku Texas ndi kufupi ndi Washington amachita zomwezi, ndipo amakumananso pa chikondwerero cha 6 July.

Kodi ana amasunga chilankhulo cha makolo?

Kawirikawiri chimatha pa m'badwo wachitatu. Wobwerayo amalankhula chakwawo. Mwana wake amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi. Mdzukulu amangodziwa moni ndi mayina a zakudya. Zinachitika ndi Chijeremani, Chitaliyana ndi Chipolishi, ndipo zikuchitika ndi Chisipanishi, ngakhale anthu oposa 40 miliyoni amachilankhula kunyumba. Munthu mmodzi pa asanu alionse ku America amalankhula chilankhulo china panyumba, koma chiwerengerochi chimasungidwa ndi obwera atsopano, osati zidzukulu.

Amene amasunga chilankhulo kwa mibadwo yambiri ndi amene amakhala paokha ndi sukulu zawo, monga Aamishi, gulu lina la Akhristu, a ku Lancaster, Pennsylvania, ndi Ayuda ena a ku Brooklyn olankhula Chiyidishi. Kwa banja lachimalawi limene lili lokha m'tauni ya ku Ohio ntchitoyi ndi yolemera. Makolo ena amasiya dala Chichewa poopa kuti mwana asokonezeka kusukulu. Manthawo alibe maziko, chifukwa mwana amatha kunyamula zilankhulo ziwiri, ndipo Chingerezi adzachipeza pabwalo la sukulu ngakhale makolo asamuphunzitse. Chimene sangachipeze kwina ndi mawu olankhulira ndi agogo ake pa foni.

Kodi anthu a mitundu yosiyana amakwatirana?

Kwambiri tsopano. Mpaka 1967 zigawo 16 zinkaletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda. Chaka chimenecho khothi lalikulu linathetsa malamulowo pa mlandu wa Richard ndi Mildred Loving a ku Virginia. Nthawi imeneyo maukwati atsopano 3 okha pa 100 anali a anthu osiyana mitundu. Pofika 2015 anali 17 pa 100.

Eni nthaka aja ali kuti lero?

Ambiri amakhala m'mizinda ngati wina aliyense, ena m'malo amene anasiyiridwa pa mapangano ndi boma. Malo aakulu kwambiri ndi a Navajo, amene ali mu Arizona, New Mexico ndi Utah. Lamulo la mu 1830 linalola boma kuwasamutsa mokakamiza, ndipo mu 1838 Acherokee anayendetsedwa kuchoka kummwera chakum'mawa mpaka ku Oklahoma, anthu masauzande n'kufera panjira. Kuyambira mu 1879, pa sukulu ya Carlisle ku Pennsylvania ndi zina zotsatira, ana ankachotsedwa kwa makolo, kumetedwa, kupatsidwa mayina achizungu ndi kulangidwa akalankhula chakwawo. Unzika wa dziko la makolo awo anaupeza onse mu 1924.

Kwa iwo kukhala wa fuko ndi nkhani ya lamulo, si kungodzimva mumtima. Fuko lililonse lili ndi kaundula wake ndipo limasankha lokha woyenera kulembedwa. Mafuko ena apeza ndalama kudzera m'nyumba za juga n'kumanga zipatala ndi sukulu, pamene ena, monga a ku Pine Ridge ku South Dakota, ali m'gulu la madera osauka kwambiri m'dziko lonselo. Acherokee ndi Anavajo ali ndi sukulu zimene ana aang'ono amaphunzira m'chilankhulo cha makolo awo, pofuna kubweza chimene sukulu zakale zija zinalanda.

Ndikafika kumeneko, kodi ndi bwino kufunsa munthu mtundu wake?

Muzisamala. Mukafunsa munthu kumene amachokera, n'kuyankha kuti Chicago, yankho ndi lomwelo. Kupitiriza kufunsa kuti kwawo kwenikweni ndi kuti kumamupweteka munthu amene makolo ake a ku China kapena ku Mexico anafika m'dzikolo zaka 100 zapitazo, chifukwa kumamveka ngati mukumuuza kuti ndi mlendo. Kwa mdzukulu wa akapolo funsoli ndi lolemera koposa: m'kalembera wa boma mayina a akapolo sankalembedwa, ndipo mabanja ambiri amayamba kuonekera ndi mayina awo mu 1870. Mukazolowerana, ambiri amafotokoza okha za agogo awo, ndipo inunso adzakufunsani za Malawi. Mudzapeza kuti ambiri sadziwa kumene dzikoli lili, choncho khalani okonzeka kutchula Zambia, Tanzania ndi Mozambique.